Ndinatumidwa Kukanoletsa Lumo

Zaka zimene ndikufuna kunenazi sindinaziwerenge. Zina ndimazikumbukira ngati za dzulo. Zina zimabwera ngati zimene munthu amaona akagona masana pamthunzi, podzuka n'kupeza dzuwa lasuntha koma osadziwa kuti lasuntha nthawi yanji. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinachoka kwathu patapita masiku atatu titaika mayi anga m'manda, ndipo ndinkaganiza kuti ndibwerako tsiku lotsatira.

Bambo anga anali wometa. Ankameta anthu pakhonde la chigayo, ndipo pakagwa maliro m'mudzi ndiwo ankaitanidwa tsiku lometa, pamene abale a womwalirayo amametedwa mitu kuti maliro athe, anthu abwerere kuminda. Anali ndi lumo lachikale, lopinda, lija lolowa m'chogwirira chake ngati mpeni wa m'thumba. Analilandira kwa munthu amene anawaphunzitsa ntchitoyo ali mnyamata. Koma kutabwera malezala a m'sitolo, aliyense anayamba kubwera ndi lake, ndipo bambo analikulunga lumo lija m'kansalu n'kulitsomeka kudenga. Pamalo pomwepo denga linkadontha. Palibe amene anadziwa.

M'mawa wa tsiku lachitatulo anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anali atakhala pamtondo wogoneka pansi, lumo lili pabondo. Analitsegula movutikira. Chitsulo chonse chinali psuu ndi dzimbiri, kukamwa kwake kometera kuja kutabenthuka pawiri, ndipo chogwirira chamtengo chinali ndi timabowo ta tizilombo. Anati abale a mayi akufuna kuwameta ndi lezala, koma maliro a mkazi amene anakhala naye zaka zonsezi sangathe ndi kanthu kotaya m'chimbudzi ukamaliza.

"Pita ukalikonzetse," anatero. "Mutu wanga udikira."

Mlongo wanga Elube, wobadwa pambuyo panga, ananditsatira mpaka panjira. Anati ndingogula lezala ndibwerere, bambo sakudziwa zimene akunena, n'chisoni chabe. Ndinamuuza kuti ndi nkhani ya tsiku limodzi. Anandipatsa chinangwa chophika chokulunga m'tsamba la nthochi, ndipo anaimabe pamenepo mpaka ndinakhota.

Pamsika woyamba, wa m'mphepete mwa msewu wafumbi, anthu anandilozera kwa a Gomiwa. Iwo anali ndi njinga yopanda gudumu lakutsogolo, yoimika pamatabwa. Akapalasa, mwala wozungulira unkathamanga, iwo n'kumanolerapo mipeni, zikwanje ndi nkhwangwa za anthu. Ndinamasula kansalu. Analitenga lumo lija, analiyang'anitsitsa padzuwa, n'kundifunsa kuti analisunga moipa chonchi ndani. Ndinati ndi mvula. Anati ndi ntchito yochepa, ndikhale pansi ndidye chinangwa changa.

Ndisanamalize chinangwacho njinga inasiya kulira. A Gomiwa anali chikhalire pachishalo, akuyang'ana m'manja mwawo. Kukamwa kwa lumo kunali kutasintha mtundu, kutada mobiriwira ngati khosi la nkhunda. Sanabise. Anati chitsulo chopyapyala chotere sichifuna liwiro, chapsa, ndipo pamene chapsapo chafewa, sichingagwirenso kuthwa. Anati akhala akunola zaka zambiri koma lumo anali asanaligwirepo, ndipo anachita manyazi kundiuza zimenezi poyamba paja.

Ndinakhala pansi mpaka msika unabalalika. Kubwerera kwathu ndi lumo loipa kuposa mmene ndinalitengera kunandikanika. A Gomiwa anandipatsa malo m'khitchini mwawo, ndipo m'mawa mwake, popeza mawondo ankawapweteka, njinga ija ndinakwera ndine, iwo n'kumagwira mipeni. Ndinati ndipalase masiku awiri, mtima ukhale pansi. Mango anachita maluwa, anabereka, anatha. Ndinaphunzira kumva ndi khutu kuti chikwanje chakwana, ndi kuviika chitsulo m'madzi chisanatenthe. Lumo sitinaligunditsenso pamwala. Nthawi zina a Gomiwa ankapempha kuliona, kulitsegula, kupukusa mutu, n'kundibwezera. Ndinatumiza uthenga kwathu kudzera mwa woyendetsa lole ya makala, kuti ndachedwa pang'ono koma ndikubwera.

Tsiku lina telala wodzanoletsa sizasi anatchula za mkulu wina wa m'tauni ya njanji amene ankakonza zitsulo zazing'ono ndi manja okha. A Gomiwa anandiperekeza mpaka pamlatho. Anandipempha kuti ndikakafika ndisakawatchule dzina.

Tauniyo inali ndi njanji koma sitima inasiya kubwera kalekale, ndipo pasiteshoni pankagona mbuzi. Mkulu uja anali Che Ajasi. Ankakhala m'kachipinda kamene kale ankagulitsiramo matikiti, ndipo ntchito ankailandirira pakawindo komweko: maloko, masikelo, nyale za palafini. Ndinapereka lumo pakawindopo. Analiyang'anitsitsa padzuwa n'kufunsa kuti analiwotcha ndani. Ndinati ndi munthu wina wa m'njira. Anati munthu ameneyo akanamangidwa manja. Kenako ananditsegulira chitseko.

Anandiuza kuti dzimbiri lili pawiri: lofiira limakhala pamwamba ndipo limachoka, lakuda limalowa mkati ngati chiswe n'kusiya maenje. Anandipatsa phulusa losefa, mafuta a makina osokera ndi kachidutswa ka nsungwi, n'kunena kuti ndizipukuta malo aakulu ngati chikhadabo patsiku, osapitirira. Ndinkakhala pakhomo n'kumapukuta, iwo akukonza maloko. Ikakwana nthawi yokaswali kumzikiti ankandisiyira kawindo. Patapita milungu chitsulo chinayamba kuyera, ndipo chakumsana kwake kunatuluka zilembo za chinenero chimene tonse awiri sitinkachidziwa, ndi kachithunzi ka nsomba ziwiri. Ndinakondwa kwambiri. Koma maenje akuda aja anali pansi pa zilembo zomwezo. Che Ajasi anati ndisankhe, zilembo kapena chitsulo chathanzi. Ndinapukuta mpaka nsomba zinazimirira.

Pamene panapsa paja panalibe mankhwala. Panafunika kupala mbali yonse yofewayo pamwala wokhakhala, ndi madzi, mpaka kufika pachitsulo chamoyo. Zinanditengera nyengo yonse yozizira. Lumo linachepa m'lifupi ndi theka la chala, ndipo ndikaliyang'ana ndinkamva kale mawu a bambo akufunsa kuti linalo lapita kuti.

Chotsala chinali kamsomali kolumikiza chitsulo ndi chogwirira, komwe kanali katagwira nga. Che Ajasi anati akagogoda okha. Nthawi imeneyo maso awo anali atayamba kuchita ng'ala. Loko ankamubweretsa pafupi ndi mphuno, makiyi n'kumawazindikira ndi zala. Anagogoda kamodzi, kawiri. Kachitatu nyundo inaphonya, ndipo chogwirira chija, chodyedwa kale ndi tizilombo, chinagawika, mkati mwake mukutuluka ufa wachikasu. Che Ajasi anapapasa patebulo kutolera zidutswazo. Anandifunsa ngati chathyoka kwambiri. Ndinati pang'ono.

"Usandinamize, mwananga," anatero. "Ndamva mmene chalirira."

Mvula isanagwe ana awo anabwera ndi galimoto kudzawatenga. Sanafune kupita, koma anawanyamula pamodzi ndi mpando wawo. Anandisiyira kanyundo ndi waya wamkuwa wopangira kamsomali kena, n'kundiuza kuti chogwirira chokhalitsa n'cha nyanga, ndipo nyanga zili kuchigwa koweta ng'ombe. Ndinakhala m'kachipindamo masiku angapo ndikumaliza maloko otsala, eni ake n'kumadzawatenga mmodzimmodzi, mpaka patebulo panalibe kanthu.

Njira ya kuchigwa inkadutsa mumzinda waukulu. Kumeneko, pansi pa mitengo, ndinapeza bambo wina atayala zinthu zakale pamkeka zogulitsa kwa alendo: masimbi a makala, mawotchi akufa, mabelu. Pakati pa zinthuzo panali lumo lopinda lofanana ndi lathu, lathunthu, lopanda banga. Bamboyo anaona mmene ndinaimira. Nditamuonetsa langa anaseka, n'kunena kuti alendo amakonda zinthu zovutika, ndimupatse chitsulo changacho pamodzi ndi kanyundo, ine nditenge labwinolo ndizipita kwathu. Ndinaligwira. Linali lozizira, lolemera bwino. Ndikanakwera basi tsiku lomwelo. Koma ndinaganiza kuti bambo akangoliika m'manja adzadziwa kuti si lawo, ndipo adzadziwa kuti ndinatopa panjira. Ndinalibweza pamkeka. Bamboyo anati anthu ena mavuto amachita kuwaweta ngati nkhuku.

Kuchigwa kunali kotentha, kwa mitengo ya minga ndi fumbi loyera. Kuseri kwa malo ophera ng'ombe kunkakhala mayi wina dzina lake Dailesi, amene ankapanga zipeso ndi mabatani a nyanga. Mwamuna wake anapita kumigodi kalekale osabwerako, ndipo ntchitoyo anaitola pomwe mwamunayo anaisiyira. Ndinamasula kansalu. Anatenga chitsulo chopanda chogwiriracho, anachiyang'ana padzuwa, n'kufunsa kuti anachivula ndani. Ndinamuuza zonse, kuyambira pa maliro a mayi. Anandifunsa kuti malirowo anachitika liti. Ndinayesa kuwerenga mvula zimene zinagwa koma ndinasokoneza. Iye sanaseke. Anati ndikatole nkhuni.

Nyanga imaphikidwa mumphika mpaka kufewa, imang'ambidwa, imapanidwa pakati pa matabwa awiri ndi mwala wolemera pamwamba, kenako imasiyidwa miyezi kuti iwongoke. Dailesi anati ukaifulumizitsa imabwerera mwakale. Yoyamba ndinaichotsa msanga. Ndinaisema bwino, koma patapita mlungu inapindika ngati nthochi. Yachiwiri inang'aluka ndikuboola bowo. Podikira yachitatu ndinali nditasiya kugona m'shedi ya nyanga, ndipo amalume ake a Dailesi anabwera kudzakhala nane pansi, kundifunsa za kwathu ndi mfunda wanga. Tinakhala banja.

Masiku amenewo ndinkatha kuiwala lumo mwezi wathunthu. Ndinkacheka mano a zipeso, iye n'kumazisalaza ndi masamba okhakhala a mkuyu, ndipo tsiku lamsika tinkapita tonse, dengu lili pamutu pake. Nyumba yonse inkanunkha nyanga yophika, ife osamvanso. Tinabereka mwana wamkazi, tinamutcha Sigele. Anayamba kukwawa, n'kumatola mabatani pansi kuika m'kamwa, ife n'kumamulanda. Anayamba kuyenda chogwira khoma. Kenako kunabwera malungo a nthawi ya mvula, ndipo anamugwira. Chipatala chinali kutsidya, mtsinje unali utadzaza, ndipo tinakhala naye pagombe kuyambira m'mawa, kudikira kuti madzi aphwe. Anthu ena analinso pamenepo ndi katundu wawo. Mayi wina ankamukupiza ndi chitenje. Madzi anaphwa tsiku lotsatira, mwana atapita kale.

Tsiku lometa amalume aja anatulutsa malezala a m'sitolo m'thumba la malaya. Anandikhazika pampando, ananyowetsa mutu wanga, ndipo madzi a m'beseni asanazizire anali atamaliza. Tsitsi langa linagwa pansi, mayi wina analisesa. Ndinagwira mutu ndi manja awiri. Ndinaganiza za bambo, kuti ali pamtondo paja nthawi yonseyi, tsitsi litawirira, chifukwa cha ntchito imene imatha madzi asanazizire, ndipo wowachedwetsa ndine.

Dailesi analeka kuyankhula zambiri. Tsiku lina anachotsa yekha mwala pamatabwa aja. Nyanga yachitatu inali yowongoka, yakuda, ya mizere yoyera. Anaisema yekha masiku atatu, ine n'kukhoma kamsomali kamkuwa ndi kanyundo ka Che Ajasi. Lumo linatseka, linatseguka, linatsekanso popanda kugwedera. Analikulunga m'kansalu katsopano n'kuliika m'manja mwanga.

"Bambo a Sigele, pitani kwanu," anatero. "Kuno munkangodutsa."

Ndinati ndidzabwerera. Anavomera monga mmene munthu amavomerera mwana, n'kubwerera kumphika wake.

Ndinayenda kulowera kwathu. Ndinadutsa m'tauni ya njanji, ndipo m'kachipinda kaja munkagulitsidwa mowa. Ndinadutsa pamsika woyamba uja, ndipo pamalo pa a Gomiwa panali munthu wina wonola ndi makina amagetsi. Masana ena ndinafika pachitunda pomwe mudzi wathu umaonekera. Ndinaona denga la chigayo, ndinamva kulira kwake. Ndinakhala pamwala n'kutsegula lumo. Linkanyezimira ngati madzi. Ndinaliyesa paubweya wa pamkono, koma linangougoneka ubweyawo osadula. Ndinakanikiza, linakoka, khungu linafiira. Zaka zonsezi ndinali nditakonza zina zonse, koma lumolo linali lobuntha.

Mayi wina wosenza mtolo wa nkhuni anadutsa, anandipatsa moni wa mlendo, n'kufunsa ngati ndasochera. Ndinkamudziwa, tinkaphunzira kalasi imodzi. Ndikanatha kumufunsa za bambo, koma sindinatero. Ndinafunsa njira ya kumapiri, kumene ndinamvapo kuti kuli wometa wakale wodziwa kunola malumo, ndipo anandilozera ndi mlomo.

Kumapiri kunali chipatala chakale cha njerwa zofiira. Kumeneko kunali a Likagwa, mkulu amene ankameta odwala okhalitsa, aja amene abale awo anatopa kuwayendera. Manja awo ankanjenjemera moti tiyi ankamwa theka, theka linalo n'kutayikira pamalaya. Koma akagwira lumo manjawo ankangoti phee. Ndinamasula kansalu. Analiyang'ana padzuwa nthawi yaitali, ndipo sanafunse za munthu aliyense. Anangoti ladutsa m'manja ambiri, ndipo onsewo anayesetsa.

Anali ndi mwala wotuwa, wosalala ngati sopo, umene ankausunga m'madzi. Anandionetsa kugoneka lumo pamwalapo, msana ndi kukamwa zonse zitagunda, kulikankha ngati ukufuna kusenda kakhungu ka mwalawo, kulitembenuzira kumsana, n'kubwerera. Anati ndisakanikize, kulemera kwa lumolo n'kokwanira. Koma dzanja langa linazolowera zikwanje ndi nyanga, ndipo linkakanikiza lokha. Akamva kuti kulira kwa mwala kwasintha ankandigunda pachigongono osayang'ana n'komwe. Ndikawononga tinkayambiranso. Pambuyo pa mwala panali lamba wachikopa womangirira pamzati, pomwe lumo limayenda chambuyo, msana patsogolo. Lamba woyamba ndinamudula pakati, ndipo a Likagwa anangovula wa m'chiuno mwawo n'kumumangirira pomwepo.

Kumeta ndinaphunzirira padzungu lopaka thovu, kenako pamasaya pawo, kenako m'wodi. Khungu la nkhalamba limathawa lumo, ndipo umayenera kulikoka ndi zala ziwiri kuti liime. Tikamaliza munthu aliyense tinkaviika malumo m'madzi owira ndi mumankhwala. Odwala ena ankagwidwa tulo ndikuwameta. Ena ndinkawameta Lachisanu, Lachisanu linalo n'kupeza bedi loyalidwa bwino, lopanda munthu. Lumo la bambo sindinametere aliyense. Ndinkangolinola n'kulibweza m'kansalu.

Tsiku lina a Likagwa anazula tsitsi limodzi kumutu kwanga. Linali loyera, ndipo m'pamene ndinadziwa kuti ndachita imvi. Analigwira kumapeto n'kuligwetsera palumo lija lili chagada. Tsitsilo linaduka lokha, popanda phokoso. Anati ntchito yatha. Ndinafunsa ngati silikufunika mwala wina wosalala kuposa uwu, mwina kudera lina. Anati kulibe. Ndinafunsa za chogwirira, ngati sichikufunika mafuta. Anandiyang'ana kanthawi, n'kunena kuti lumo lakuthwa kale ukapitiriza kulinola umangolidya. Ananditsogolera okha mpaka pachipata.

Ndinafika kwathu m'mawa, nyengo yokolola. Nyumba yathu yaudzu panalibe. Panali ina yamalata, ndipo pabwalo mayi wina wonenepa, wa mpango kumutu, ankapeta nyemba. Ndinaodira. Anandiyang'ana, n'kuika lichero pansi pang'onopang'ono. Anali Elube. Sanathamange, sanalire mokweza. Anandipatsa mpando, anagwada kundipatsa moni, kenako anati, "Achimwene, mwabwera nalo?" Ndinati ndabwera nalo.

Anandiuza zonse akuyang'ana nyemba zake. Bambo anandidikira mlungu umodzi. Kenako abale a mayi anati maliro sangakhale chikhalire, ndipo bambo anametedwa ndi lezala la m'sitolo, Elube yemweyo atawagwira mapewa. Sanakane. Analima chaka chimenecho ndi zaka zina zambiri. Lamlungu lililonse ankapita kumsewu kukafunsa oyendetsa malole ngati anandionapo. Uthenga wanga uja sunafike. Tsopano miyendo yawo inaleka, ndipo mutu umabwera n'kumapita. Iyeyo amamudziwa chifukwa amamuona tsiku lililonse, koma zidzukulu amazisokoneza.

Ndinawapeza kuseri, pampando wa ndalema, atafunda bulangete padzuwa. Anali atachepa kwambiri. Ndevu zinali mbee, zosasamalika, chifukwa ankakana kuti mkamwini wawo, mwamuna wa Elube, aziwameta, ati amawacheka. Ndinagwada pafupi n'kuwauza kuti ndine, mwana wawo, ndabwera. Anandiyang'ana mwaulemu, anaseka pang'ono, n'kunena kuti mwana wawo ndi mnyamata wa tsitsi lakuda bii, ndipo ali paulendo. Ndinabwerezanso, ndinatchula dzina la mayi. Anayamba kugwiragwira bulangete, akuyang'ana Elube ngati opempha thandizo.

"Bambo, awa ndi ometa," anatero Elube. "Abwera kudzakumetani."

Nkhope yawo inamasuka. Anati ngati ndine wometa ndionetse chida. Ndinatsegula lumo lija n'kuliika m'manja mwawo. Analitembenuza, anakhudza kukamwa kwake ndi chala chachikulu mopepuka, mwa munthu wodziwa, n'kugwedeza mutu. Anati n'labwino, ndipo amene analinola sanali pachangu. Nawonso anali nalo lamtundu womwewu, anatero, koma lawo linali lalikulupo.

Elube anabweretsa madzi ofunda ndi sopo. Ndinapaka thovu, ndinakoka khungu ndi zala ziwiri, ndinagoneka lumo patsaya. Ndevu zinkachoka ngati sizinamerepo. Bambo anatseka maso. Ndili pakhosi anayamba kuyankhula, ndipo ndinachotsa lumo kuti ndisawacheke.

"Inu mumayenda m'midzi," anatero. "Mukadzakumana ndi mnyamata wonyamula lumo ladzimbiri, mudzamuuze alitaye. Linali losakonzeka, ndinkadziwa. Ndinangofuna achoke tsiku limodzi, ndilire mkazi wanga mwana asakundiona. Tsiku limodzi lokha. Mudzamuuze abwere, palibe amene akumuimba mlandu."

Ndinati ndidzamuuza. Kenako ndinamaliza pansi pa chibwano ndi pamwamba pa mlomo, n'kuwapukuta ndi nsalu yofunda. Anadzisisita masaya. Anati dzanja langa n'lopepuka, n'kufunsa ngati ndidzadutsenso Loweruka.

Elube anandikonzera kachipinda kosungiramo chimanga, ndipo masiku enawo ndimakhala kumunda, kumene maso awo safika. Loweruka lililonse m'mawa ndimatuluka, ndimazungulira kuseri kwa khola, n'kutulukira kumsewu ngati munthu wochokera kutali, chifukwa akandiona ndikutuluka m'nyumba amachita mantha. Ndimaodira. Amandilandira bwino, amauza Elube kuti atenthetse madzi a alendo. Ndisanapake thovu amandifunsa ngati ndakumana naye, ndipo ndimayankha kuti ndamva kuti ali pafupi, akubwera. Amati chabwino, n'kukweza chibwano.